Ndatsuka Injini, Ndafufuta Apongozi

Aphungu,

Kalata ino ndi dandaulo, ndipo ndikupempha kuti ilowe m'kaundula wa milandu wa nyuzipepala yanu, ngati muli naye. Woimbidwa mlandu ndinu. Mlandu wake ndi wosocheretsa nzika yaulemu wake, ya zaka 67, imene sinalakwirepo munthu kupatula ophunzira angapo amene ankalemba mayeso ngati papalasa nkhuku.

Pa tsamba lanu la sabata yachiwiri ya Epulo munauza bambo wina wa ku Moose Lake kuti mphatso yogula m'sitolo ndi ulesi wokulunga m'pepala, ndipo mwamuna weniweni amachitira mkazi wake chinthu ndi manja ake. Mawu amenewa munawasindikiza opanda chenjezo lililonse. Botolo la mankhwala a chifuwa amalilemba kuti likhale patali ndi ana. Makwerero amene ndinagula chaka chatha ali ndi machenjezo khumi ndi anayi. Koma inu malangizo oopsa chonchi munangowasiya poyera, pamalo pamene aphunzitsi opuma a ku yunivesite angathe kufikira.

Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale kwa zaka 34. Ntchito yanga yeniyeni inali kuwerenga ndi kusunga zolemba pamanja za anthu amene anafa kalekale. Ndinathamangitsapo wophunzira m'chipinda chifukwa choyetsemula pafupi ndi kalata ya zaka mazana anayi. Manja anga amadziwa pepala basi. Mkazi wanga Marlys ndiye anakhala moyo wake wonse akuyendetsa ndi kukonza mabasi a sukulu, ndipo m'nyumba muno kanthu kakamasuka, ntchito yanga ndi kuitana, yake ndi kubwera.

Marlys ali ndi pikiapu yobiriwira ya 1972 imene anasiyiridwa ndi malemu bambo ake, a Eino, amene ankagwira ntchito kocheka matabwa. Galimotoyi imagona m'garaji kuyambira Novembala mpaka mvula ya Epulo itakokolola mchere umene amathira m'misewu posungunula chipale chofewa. Loweruka loyamba la Meyi amaiutsa, tikwera tonse kupita kumanda kukaona bamboyo, pobwera tidya madonasi. Chaka chino Loweruka limenelo linakumana ndi tsiku lake lobadwa, ndipo Lachinayi ndi Lachisanu anali ku Duluth kwa mkulu wake. Apa ndi pamene malangizo anu anandilowa m'mutu ngati chimfine. Ndinakumbukira kuti nthawi ina anadandaulapo kuti injini yada, ndiye ndinati ndimutsukire.

Ndinapita kwa Duane, mnansi wathu wa tsidya lina la mpanda, kukabwereka makina ake opopera madzi mwamphamvu.

"Ukufuna kutsuka chiyani, Pulofesa? Mabuku?" anafunsa.

"Injini."

"Ya ndani?"

"Ya Marlys."

Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti ndikufuna kumeta chimbalangondo ndevu. "Mwini wake akudziwa?"

"Ndi mphatso, Duane. Mphatso salengeza."

"Chabwino. Koma maliro ako asakhale Lachiwiri, ndimakawedza."

Anandithandiza kukankhira galimotoyo panja, n'kundionetsa potsegulira boneti nditafufuza mphindi makumi awiri, kenaka anandiuza kuti ndiphimbe zamagetsi ndi mapepala apulasitiki. Atatero ananyamuka kupita kwa dokotala wa mano, ndipo pa chifukwa chimenechi ndikumuika m'kaundula uja ngati woimbidwa mlandu wachiwiri.

Ndinaphimba zamagetsi ndi timatumba ta buledi. Nditangokanikiza makinawo, timatumba tonse tinauluka, kamodzi mpaka lero kali mumtengo wa kwa Duane. Sindinabwerere m'mbuyo. Magalasi anga ananyowa, ndiye ndinawavula n'kuwaika m'thumba. Ndikutchula zimenezi chifukwa khoti liyenera kudziwa kuti ine popanda magalasi sindisiyanitsa mkazi wanga ndi filiji. Ndinathira mankhwala osungunula girisi, ndinakwecha, ndinapopera, mpaka injini inayamba kung'anima ngati mbale za alendo. Kenaka ndinaona kuti kunsi kwa boneti, pamwamba pa mutu wanga, kukudontha madzi akuda n'kumadetsa ntchito yanga. Munthu wophunzira sasiya vuto lisanathe. Ndinathirako mankhwala otsala onse, ndinatenga bulashi yolimba. Madzi anatsika akuda, kenaka anayamba kutsika achikasu. Ndinaganiza kuti ndi mtundu wina wa dzimbiri, ndipo ndinanyadira kuti ndalipeza pamene linabisala.

Duane anabwera masana, tsaya limodzi lili dzanzi. Anayang'ana injini n'kuimba kaluzu kopindika. Atakweza maso kuona kunsi kwa boneti, anavula chipewa. Duane chipewa amavulira maliro okha.

"Wendell, zolemba za a Eino zija zili kuti?"

"M'kabuku, ndikuganiza. Mwina m'kabokosi ka kutsogoloko."

"Kabuku kanji? Zinali apa. Wazitumiza kungalande, mnzanga."

Aphungu, zaka zonsezi Marlys ankakonda kunena kuti, "Adadi analemba kuti chaka chakuti galimoto inalira ulendo umodzi," kapena, "Adadi analemba kuti ndinapha giya yachiwiri ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi." Ine ndinkangovomera ndi mutu, m'maganizo ndikuona kabuku kachikuto chakuda, chifukwa kwa munthu wa mtundu wanga zolemba zimakhala m'mabuku. Sindinafunsepo kuti ndikaone. Koma apongozi angawo analibe kabuku. Ankalemba kunsi kwa boneti ndi choko cha phula chachikasu, chija amalembera pamitengo kuntchito kwawo. Tsiku losintha oyilo, tsiku loiutsa chaka chilichonse, tsiku limene anakatenga mwana wathu kuchipatala, mzere pamwamba pa mzere kuyambira 1972 mpaka 2009. Atamwalira, Marlys anapitiriza pansi pa mzere wawo womaliza. Utsi unali utaziphimba, koma iye ankaziwerenga zonse.

Ine amene ndinakhala zaka 34 ndikuteteza makalata a anthu osawadziwa, chikalata chimodzi chokha chimene chinali pakhomo panga ndinachikwecha ndi bulashi ya kubafa.

Marlys anafika Loweruka m'mawa. Ndinali nditamanga riboni pa chiwongolero. Anakhala pampando, anapotoza kiyi, galimoto inangotsokomola. Anapotozanso, zii.

"Wachita chiyani, chitsiru changa chophunzira?"

"Ndatsuka injini. Ndi mphatso."

Anaseka mpaka anagwira chitseko. Anatsegula boneti maso ali pa injini, anachotsa kachivundikiro kamene mawaya a mapulagi amachokera, madzi n'kutayikira pa nsapato zake. "Ena amapatsa akazi awo maluwa," anatero, "wanga wabatiza disitibyuta." Anandituma kukatenga choumitsira tsitsi, ndipo pasanathe mphindi khumi galimoto inalira. Anandipsompsona padazi. Kenaka anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kachidutswa ka choko chachikasu kuti alembe tsiku monga mwa chaka chilichonse, n'kukweza maso.

Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa. Anaima pamenepo nthawi yaitali injini ikulira, kenaka anabweza chokocho m'thumba, anatseka boneti pang'onopang'ono ndi manja awiri.

"Yayera bwino, Wendell. Zikomo," anatero. "Lero ndipita ndekha."

Ndinapepesa tsiku lomwelo, ndipo ndapepesa tsiku lililonse kuchokera pamenepo. Yankho lake ndi limodzi: "Sunadziwe." Lero ndi tsiku la khumi ndi limodzi, ndipo mkazi wanga akundilemekeza. Akumanena kuti "chonde." Akumandifunsa ngati ndagona bwino. Dzulo ndinavala masokosi osiyana mwadala, lina lofiira lina lotuwa, ndinakhala moyang'anizana naye miyendo nditaipiringiza, iye n'kungondipatsira batala. Mkazi ameneyu wandinyoza tsiku lililonse kwa zaka 39, ndipo sindinkadziwa kuti munthu angathe kuwonda chifukwa chosowa chipongwe. Kamodzi kokha, tikutsuka mbale, ananena osandiyang'ana kuti, "Panali ndi za iwe pomwe, ukudziwa?" Nditafunsa kuti zotani, anati, "Zilibenso ntchito."

Tsopano nayi nkhani imene ndikufuna chigamulo chanu. Duane wapeza chithunzi chimene anajambula pa chionetsero cha magalimoto akale zaka zingapo zapitazo, boneti ili yotsegula. Pafupifupi theka la zolembazo likuoneka, ngakhale mbali ina yabisika ndi mutu wa mlamu wake. Ndachikulitsa. Ndagula choko chachikasu. Ndasonkhanitsa makadi a Khirisimasi amene a Eino anatitumizira, ndipo kwa masiku asanu ndakhala ndikuphunzira dzanja lawo pa makatoni m'chipinda cha pansi. Sindikudzitama, koma nambala 7 yawo ndikuilemba bwino kuposa eni ake. Marlys akupitanso ku Duluth sabata yamawa. Ndikhoza kubwezeretsa theka limenelo iye asanabwere, ndipo pamene pabisika ndi mutu paja ndikhoza kulingalira mwaukatswiri. Kodi nditero?

Koma yankho lanu lisakuiwalitseni mlandu. Monga chipukuta misozi, ndikufuna kuti mupepese pa tsamba loyamba, m'zilembo zazikulu kuposa za zotsatira za masewera a hoke. Ndikufunanso kuti muzifika pakhomo panga m'mawa uliwonse nthawi ya khofi kudzandinena za masokosi mpaka mwini ntchitoyo atayambiranso. Ndipo mundipezere apongozi aamuna amodzi, ogwiritsidwapo kale ntchito alibe kanthu, osayankhulayankhula, onunkhira utuchi, odziwa kulemba chagada.

W.A.P., Cloquet

Okondedwa a W.A.P.,

Dandaulo lanu lalandiridwa, lawerengedwa kawiri, ndipo lakanidwa. Ine ndinati chitirani akazi anu chinthu ndi manja anu. Sindinati chitireni chinthu pa katundu wawo iwo kulibe, magalasi ali m'thumba. Safunsa anadya phula, inu mwachita kulitsuka.

Tiyambe ndi injini, chifukwa ndikudziwa kuti amuna ena awerenga kalata yanu n'kutolapo phunziro lolakwika. Ndinakulira m'garaji ya amalume anga, ndiye mverani. Injini imatsukidwa itazizira. Chotsani waya wa batire, kuyambira wakuda uja. Phimbani disitibyuta, kabuleta ndi chochajira batire ndi pulasitiki wokhuthala, mumange ndi tepi, osati kungoveka timatumba ta buledi ngati mukusungira masangweji. Makina opopera mwamphamvu aja ndi otsukira khonde. Galimoto ya zaka makumi asanu imafuna bulashi yofewa, nsanza ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, ndipo yalani kanthu pansi kuti girisi asapite m'ngalande, chifukwa ngalandeyo imathera mumtsinje umene a Duane amawedzamo. Mukamaliza, pukutani, siyani boneti yotsegula iume. Koma musanayambe zonsezi, funsani mwini galimoto. Dothi lina pa galimoto yakale analisiya dala.

Tsopano funso lanu. Ayi. Musatero. Ikani choko pansi, tulukani m'chipinda cha pansicho.

Inu mukudziwa kuposa ine dzina limene anthu a ntchito yanu amapatsa chikalata cholembedwa ndi munthu wina motsanzira dzanja la wakufa. Wophunzira wanu akanabwera nacho mukanamutulutsira pawindo. A Marlys sakulira mawonekedwe a nambala 7. Akulira kuti dzanja la bambo awo linakhudza chitsulo chimenecho, ataima pomwe iwo amaima chaka chilichonse. Luso lanu likakula bwanji, chimenecho simungachibweze, ndipo mukalemba bwino kwambiri ndiye mwaonjeza chilonda, chifukwa aziti akakweza maso n'kuona bambo awo, kenaka n'kukumbukira kuti ndi inu. Madzi akatayika sawoleka, ngakhale owola ake akhale ndi madigiri atatu.

Ndipo taonani chimene mukukonza. Munalakwa pochita chinthu mwamseri mayi ali ku Duluth, ndiye mankhwala ake mwati muchitenso chinthu mwamseri mayi ali ku Duluth. Mayi ameneyu adzaleka kuyendera mkulu wake.

Chitani izi m'malo mwake. Boneti musaikhudzenso, ngakhale ndi nsanza youma. Phula likakhala pa penti zaka zambiri, nthawi zina limasiya mthunzi wake, chifukwa pamene linali utsi ndi dzimbiri sizinadye mofanana ndi pena ponse. Sindikulonjeza kanthu, bulashi yanu ija ikumveka kuti inali yakhama. Koma inu ndi amene mukudziwa kuunika pepala lofufutika ndi tochi kuchokera m'mbali kuti zilembo zidzuke. Kwa nthawi yoyamba m'banja lanu pali ntchito ya m'garaji imene inu mukuidziwa kuposa akazi anu. Auzeni kuti mwina n'zotheka, muwafunse ngati akufuna, ndipo akavomera mukaunike muli awiri. Akakana, mwamva.

Chithunzi cha a Duane chija apatseni lero, pamanja, monga chilili, ndi mutu wa mlamu womwewo. Makatoni anu aja aonetseninso. Inde, muchita manyazi, ndipo n'chifukwa chake ndikukuuzani kuti mutero. Mwakhala mukupepesa ndi mawu, ndipo munthu wa mawu ngati inu kupepesa sikukuvutani. Koma mulu wa makatoni odzaza ndi nambala 7, olembedwa ndi nkhalamba imene yabisala pansi pa nyumba masiku asanu, ndi chinthu chimene mkazi aliyense ayenera kuchiona ndi maso ake. Akapanda kukunenani pamenepo, ndilembereninso.

Kenaka chitani chimene munayenera kuchita zaka makumi atatu zapitazo. Mwavomera nokha kuti simunapemphepo kuona zolembazo, ndipo ndikukayika ngati bulashi yokha ndi imene yawatsekera pakamwa a Marlys. Anazindikira tsiku lija kuti mwamuna amene amawerenga makalata a anthu onse akufa a dziko lapansi sanawerengepo bambo awo. Ndiye gulani kabuku. Khalani nawo pansi, khofi ali patebulo, munene kuti, "Sindinafunsepo. Ndikufunsa tsopano. Ndiuze zimene analemba." Iwo azinena, inu muzilemba, ndi dzanja lanu lenileni. Musakonze chiganizo chilichonse. Musawauze kuti chaka chakuti sichikugwirizana ndi chakuti. Akalira, musathamangire kuwatonthoza ndi mbiri ya Aroma. Zambiri akuzikumbukira, ndipo zimene aiwala mwina mkulu wawo wa ku Duluth akuzidziwa. Mzere wonena za inu uja musaukakamize. Adzakuuzani tsiku limene adzafune, ndipo konzekani, chifukwa bambo wocheka matabwa amene mwana wake wakwatiwa ndi munthu wosadziwa potsegulira boneti mwina sanalembe ndakatulo.

Za kunsi kwa boneti, mwini wake ndi amene adzagamule. Mwina adzakusiya koyera. Mwina adzayamba mzere watsopano. Choko chili m'thumba mwawo, si mwanu.

Ulemu umene akukupatsaniwu musauope kwambiri. Si chidani. Ndi mayi amene wataya bambo ake kachiwiri, ndipo akuopa kuti akatsegula pakamwa mwanthabwala patuluka zina zimene sakufuna kukulasani nazo. Munthu amene watopa nanu sasamala chonchi. Mupatseni nthawi, ndipo lekani kumutchera misampha ya masokosi.

Chenjezo langa ndi ili: kuyambira lero mpaka imfa idzakulekanitseni, mawu akuti "ndikufuna ndimudabwitse" akakufikirani m'mutu, khalani pansi, imwani madzi, dikirani mpaka apite. Ndipo a Duane asakubwerekeninso chilichonse chokhala ndi waya.

Za chipukuta misozi, khoti lapeza kuti wolakwiridwa ndi ine. Kalata yanu ndinaiwerengera pa desiki, anzanga akuona, ndipo misozi itatuluka ndinachita kunamizira fumbi la m'mafayilo, chinthu chimene chawononga mbiri yanga ya mayi wouma mtima imene ndaimanga kwa zaka zambiri. Choncho ndikulamula kuti tsiku limene a Marlys adzakuuzeninso kuti mukwere nawo, mudzadzere ku ofesi kuno. Ine ndidzakhala kutsogolo pambali pawo, windo lotsegula. Inu mudzakhala kumbuyo ngati thumba la mbatata, manja onse awiri ali m'mwamba poti tiziwaona pagalasi.

Aphungu anu,
Lorna